Mbande Zikayamba Kuchita Chikasu mu Kokopiti

Alimi ambiri a kuno ku Nangongwe ndi madera ozungulira Kafue asiya kufesa matimati, kabichi ndi repu pansi. Iwo akufesa m'mathireyi odzaza kokopiti, pansi pa shedi kapena m'nyumba ya pulasitiki. Kokopiti ndi ufa ndi ulusi wochokera ku makoko a kokonati, ndipo yambiri imachokera ku India ndi ku Sri Lanka. Njerwa yake ya makilogalamu 5 ikaviikidwa imafufuma kupitirira malita 60. Imasunga madzi ndi mpweya bwino, koma si dothi, ndipo chakudya chonse cha mbewu chimadalira mlimi. Thireyi ikawonongeka, ndalama za mbewu yokwera mtengo ndi masabata anayi a ntchito zimapita pachabe. N'chifukwa chake tikufotokoza njira imene timatsata pano pofufuza vuto.

Choyamba timafunsa ngati kokopitiyo inatsukidwa. Mwachibadwa imakhala ndi sodiyamu ndi potaziyamu wambiri, ndipo imalanda kashiamu ndi maginiziyamu mu feteleza n'kutulutsa michere iwiri ija. Motero mlimi amathira chakudya koma mbande ili ndi njala. Tisanafese, timaitsuka ndi madzi oyera, kenaka timaiviika usiku wonse m'madzi osungunuliramo calcium nitrate, galamu 1 kapena 2 pa lita, n'kuitsukuluzanso.

Chachiwiri ndi pH, muyeso wa kuwawasa kwa madzi. Nambala 7 ndi pakati. Kutsika pamenepo ndi asidi, kukwera ndi mbali ya laimu. Mu kokopiti mizu imadya bwino pakati pa 5.8 ndi 6.2. Dera la Chilanga ndi Lusaka lakhala pa miyala ya laimu, yomwe fakitale ya simenti ya ku Chilanga imagwiritsa ntchito, ndipo madzi a zitsime zakuya m'malo otere amakweza pH pang'onopang'ono. Ikapitirira 6.5, ayironi sasungunuka bwino, ndipo mizu imalephera kumutenga ngakhale alipo. Timayeza madzi amene tikuthira ndiponso amene akutuluka pansi pa thireyi, ndi timapepala toyezera kapena mita. Ngati pH yakwera, timadonthezera citric acid m'madzi othirira, kutakasa ndi kuyezanso. Asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi.

Chachitatu timawerenga masamba. Masamba anthete a kunsonga akachita chikasu koma mitsempha ili yobiriwira, ndi ayironi, ndipo nthawi zambiri mankhwala ake ndi kutsitsa pH. Chikasu chomwecho chikaoneka pa masamba akale a m'munsi, ndi maginiziyamu. Supuni yaing'ono imodzi ya mchere wa Epsom m'malita 10 imathandiza. Masamba a m'munsi akayezuka onse pamodzi ndi mitsempha, ndi nayitirojeni. Nsonga zanthete zikamapindika ndi kuuma, kapena matimati akamaola kumunsi kwa chipatso, ndi kashiamu, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi kuthirira modumphadumpha. Calcium nitrate ndi mchere wa Epsom sitizisungunulira pamodzi m'madzi ochepa, chifukwa zimagwirana n'kukhala matope oyera amene mizu singamwe.

Chachinayi ndi mchere wochuluka. M'mwezi wa Okutobala madzi amauma msanga, feteleza n'kutsalira m'thireyi. Masamba amapsa m'mphepete, ndipo mbande imafota masana ngakhale kokopiti ili yonyowa. Apa kuwonjezera feteleza ndiko kuipha. Timatsuka ndi madzi ambiri a pH yoyenera, kenaka tikamathirira timalola gawo limodzi mwa magawo 10 kutuluka pansi. Mu Juni ndi Julaye vuto limatembenuka: madzi sauma, mizu imasowa mpweya n'kuda, choncho timachepetsa kuthirira.

Compound D, amene timamudziwa bwino m'tauni ino ya Nitrogen Chemicals of Zambia, anapangidwira dothi la kumunda. Sasungunuka yense, ndipo m'kabowo kakang'ono ka thireyi amawotcha mizu. M'kokopiti pamafunika feteleza wosungunuka.

Abale ndi alongo, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, lembani tsiku ndi muyeso m'kabuku, ndipo dikirani sabata imodzi. Tsamba lowonongeka kwambiri silibwerera, yang'anani latsopano. Ofuna kuyezetsa madzi a pachitsime chawo mokwanira angafunse ku Mount Makulu, ku Chilanga, kumene kuli akatswiri a kafukufuku wa zaulimi.