Ahedi odziwa mwana amene sanabwere

Pa sukulu zambiri za pulayimale zakumudzi, belu ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo. Likalira, ana amathamangira ku asembule, kenako amabalalikira m'makalasi, ena m'midadada, ena pansi pa mitengo ya mango. Mphunzitsi amatsegula kaundula n'kuyamba kuitana mayina, ndipo dzina limene palibe wayankha amaliika chizindikiro chakuti wajomba. Pa sukulu zina kaundulayo amatsekedwa pomwepo n'kukaikidwa m'kabati mpaka mawa. Koma alipo aphunzitsi aakulu ena amene ntchito yawo imayambira pa zizindikiro zimenezi.

Ahedi oterewa pakutha pa sabata amaitanitsa makaundula a makalasi onse n'kukhala nawo pansi. Amayendetsa chala pa mzere wa mwana aliyense. Akapeza amene wajomba masiku angapo otsatizana, amafunsa mphunzitsi wake, amafunsa anzake oyenda naye njira imodzi, ndipo yankho likakhala lozembazemba amakwera njinga kupita kumudziko. Kumeneko amayamba n'kupereka moni kwa anyakwawa, kenako n'kukakhala pamphasa pakhonde la makolo a mwanayo. Sapita ndi ukali. Amafunsa za moyo, za mvula, za kumunda, ndipo nkhani ya mwana imabwera pamapeto, makolo atamasuka.

Kuti ntchito yotere ikhale yolemera chonchi, zinayambira kutali. M'chaka cha 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Boma linalemba ntchito aphunzitsi masauzande amene anali asanapite ku koleji, makalasi anasefukira, ndipo mpaka lero cholinga chakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60 chikadali kutali pa sukulu zambiri. M'makalasi a Sitandade 1 ndi 2 si zachilendo kupeza ana oposa 100. Lamulo la zamaphunziro la 2013 limati mwana aliyense akuyenera kupita ku pulayimale, koma lamulo silidziwa kuti mwana wa pa benchi yakumbuyo uja sanaoneke kuyambira Lolemba. Amene angadziwe ndi mphunzitsi wake ndi ahedi.

Zifukwa zojombera zimayenda ndi nyengo komanso dera. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikatha, mwana amatsagana ndi makolo kuganyu. Kunyanja, ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, anyamata amakopeka ndi ndalama za usipa. Ku Kasungu ndi ku Mchinji kuli fodya wofunika kusoka. Kwina ndi zinamwali zimene zimalowerera masiku a sukulu. Mphunzitsi wamkulu wodziwa dera lake sadikira kuti zimenezi zimudzidzimutse. Amakambirana ndi mafumu chaka chisanayambe. M'madera ena a m'chigawo chapakati mgwirizano wotere unafika poti Gule Wamkulu amatuluka m'mawa kuperekeza ana ojomba kusukulu.

Pa nkhani ya atsikana m'pamene mtima wa ahedi umaonekera bwino. Kuyambira 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene anatenga pathupi kubwerera kusukulu akabereka, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto inatchuka pothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu. Komabe mtsikana wobwererayo amakafikira m'manja mwa sukulu. Akalowa m'kalasi anzake n'kumamutchula kuti mayi, aphunzitsi n'kumamupereka ngati chitsanzo cha khalidwe loipa, sapirira ngakhale teremu imodzi. Ahedi oganiza bwino amayamba alankhula ndi aphunzitsi awo mtsikanayo asanabwere. Amamulola kutuluka pa buleki kukayamwitsa ngati kwawo kuli pafupi. Amaitana amayi a Mother Group, gulu la amayi a m'mudzi lothandiza atsikana pa sukulu, kuti azimuyendera, chifukwa pali zinthu zimene mtsikana sangauze bambo wovala tayi koma angauze mayi wa m'mudzi mwake. Amayi omwewa ndi amene pa sukulu zambiri amasoka mapadi ochapa, kuti mtsikana asamajombe mwezi ndi mwezi. Ine ndimaona kuti ahedi amene amapatsa amayiwa mpando ndi ulemu pa misonkhano amapulumutsa atsikana ambiri kuposa amene amangowakumbukira kukabwera alendo.

Phala nalo lili ndi mbali yake. Bungwe la Mary's Meals linayamba kudyetsa ana 200 m'Malawi muno mu 2002, ndipo lero limafikira ana oposa 1 miliyoni. Ufa umabwera ndi bungwe, koma nkhuni, madzi ndi manja ophika zimachokera kwa makolo odzipereka amene amafika mbandakucha. Pamene ahedi sagwirizana ndi mudzi, moto suyaka pa nthawi yake.

Aphunzitsi nawo ndi anthu ofunika kusamalidwa, ndipo apa ambiri timaiwala. Mphunzitsi wachinyamata wochokera ku koleji amatumizidwa kusukulu yopanda nyumba, n'kuchita lendi kachipinda pa mtunda wa makilomita angapo, malipiro nthawi zina n'kuchedwa. Ahedi sangakweze malipiro a munthu. Chimene angathe n'kukapempha komiti ya sukulu ndi mafumu kuumba njerwa za nyumba, kumuperekera madandaulo kwa a PEA, alangizi a sukulu za m'deralo, ku ofesi yawo ya TDC, ndiponso kulowa m'kalasi mwake kukamuthandiza popanda kumuchititsa manyazi pamaso pa ana. Pali chizolowezi china chofunika kuchitsutsa poyera: kuika aphunzitsi onse amphamvu ku Sitandade 8 kuti sukulu itchuke pa mayeso a MANEB, kwinaku ana a Sitandade 1 atasiyidwa ndi mphunzitsi mmodzi wotopa. Mwana amene wafika Sitandade 4 asakudziwa kuwerenga amabwereza kalasi, amagwa ulesi, ndipo ku Sitandade 8 safikako. Sukulu yotero imakhozetsa ochepa amene atsala, ndipo otayikawo saoneka pa zotsatira.

Ndalama zimene boma limatumiza kusukulu, zotchedwa School Improvement Grant, n'zochepa poyerekeza ndi zosowa, koma zadanitsa anthu pa sukulu zambiri. Ahedi amene amamata pakhoma la ofesi pepala losonyeza zimene zalowa ndi zimene zagulidwa, makolo amawamvera akaitana chitukuko.

Ubwino wa kudziwana ndi mudzi unaoneka pa nthawi ya mavuto. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, zinakhala miyezi yoposa isanu osatsegula, ndipo atsikana ambiri anatenga pathupi kapena kukwatiwa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasandutsa makalasi ambiri a m'chigawo chakummwera kukhala misasa ya anthu othawa madzi. Potsegulanso, ndi ahedi odziwa makomo a ana awo amene anali ndi poyambira kuwafunafuna.

Chodandaulitsa n'chakuti ambiri mwa iwo amachita zonsezi kwinaku ali ndi kalasi yawoyawo yophunzitsa, malipoti odzaza tebulo, ndipo anapatsidwa udindowo popanda maphunziro okwanira a utsogoleri. Unduna wa Zamaphunziro uwaphunzitse anthu amenewa asanakhale pa mpando, ndipo uwachepetsere mapiriyodi kuti azipeza nthawi yofika kumudzi. Nanunso makolo, ahedi akaitana msonkhano teremu ino, pitani mukamve nokha za mwana wanu.