Kodi Tingakhulupirire Ndemanga za Ogula Pogula Memori Khadi pa Intaneti?

Chaka chatha, pokonzekera kafukufuku wa phunziro lathu la chiyankhulo ndi chikhalidwe, ndinabwereka kamera kwa mnzanga kuti ndikajambule mwambo wa chinkhoswe kwathu ku Ntcheu. Cholinga changa chinali kufufuza mmene ankhoswe amagwiritsira ntchito miyambi ndi mawu okuluwika polangiza anthu amene akulowa m'banja. Kamerayo inalibe memori khadi, kachipangizo kakang'ono kaja kamene kamasunga zithunzi ndi kanema. Msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anadzipereka kundigulira khadilo pa intaneti n'kulitumiza kudzera mwa munthu wina wobwera pa basi. Tinasankhira limodzi pa foni. Tinapeza khadi la 128GB la mtengo wotsika kuposa ena onse, ndipo pansi pake panali ndemanga zambirimbiri za ogula, pafupifupi zonse za nyenyezi zisanu. Apo mtima unakhala pansi.

Tsiku loyamba ndinajambula zithunzi za amayi akuphika thobwa ndiponso tizidutswa tochepa ta kanema. Madzulo ndinazionera pa kamera pomwepo ndipo zonse zinali bwinobwino. Tsiku lachiwiri, lomwe linali la mwambo weniweni, ndinajambula kwa maola angapo popanda kamera kuonetsa vuto lililonse. Nditabwerera kusukulu ndinaika khadilo m'kompyuta. Mayina a mafayilo onse anaoneka, kukula kwake kunaonekanso, koma ambiri anakana kutseguka. Mnzanga wina wa maphunziro a kompyuta ataliyesa anapeza kuti linali la 8GB yokha. Malangizo onse a ankhoswe anatayika, ndipo chinkhoswe sachita kubwereza. Mpaka lero malume akandiona amafunsa kuti, "Kodi iwe, kanema uja tidzaonera liti?" Ine ndimangoti, "Pepani malume, zinthu zinavuta."

M'nkhani ino ndifotokoza chifukwa chimene ndemanga zija zinandisocheretsa. Maganizo anga ndi akuti pa katundu ngati memori khadi, ngakhale ndemanga ya munthu woona mtima ikhoza kunamiza wogula. Choncho ndemanga tiziwerenga mosamala, koma umboni womaliza tiziupeza poyesa khadilo ife eni.

Mmene khadi lachinyengo limagwirira ntchito

Makamera ambiri amagwiritsa ntchito makhadi a mtundu wa SD, amene makampani a SanDisk, Panasonic ndi Toshiba anayambitsa mu 1999. Mu 2006 kunabwera SDHC, imene imafika 32GB, ndipo mu 2009 kunabwera SDXC, imene imayambira pamwamba pa 32GB mpaka 2TB. M'kati mwa khadi lililonse muli zigawo ziwiri zofunika. Chigawo choyamba ndi nkhokwe imene imasunga zinthu. Chachiwiri ndi kachipangizo koyendetsa nkhokweyo, kamene kamauza kamera kapena kompyuta kukula kwa khadi komanso pamene chinthu chilichonse chasungidwa.

Anthu achinyengo amatenga khadi laling'ono lotsika mtengo n'kusintha kachipangizo koyendetsaka kuti kazinena bodza. Kenaka amalemba nambala yaikulu ndi dzina la kampani yotchuka pamwamba pake. Kamera siyeza nkhokwe yokha, imangokhulupirira zimene yauzidwa. Malo enieni akatha, kamera imapitirizabe kutumiza zithunzi. M'makhadi ena zatsopanozo zimangotayika, pamene m'makhadi ena zimalembedwa pamwamba pa zakale n'kuzifafaniza. Mndandanda wa mayina a mafayilo umakhalabe bwino chifukwa umasungidwa kumayambiriro kwa khadi, ndipo n'chifukwa chake munthu amaona ngati zonse zilipo. Zili ngati thumba lodzaza ndi mankhusu koma pakamwa pake atathirapo chimanga. Wopisa dzanja pamwamba angachitire umboni ndi mtima wonse kuti m'thumbamo muli chimanga.

Ndemanga zoona zimene zimasocheretsa

Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu. Anthu ambiri amalemba ndemanga patangopita masiku ochepa chilandirireni katundu, chifukwa ndi nthawi imene masitolo a pa intaneti amawakumbutsa kuti atero. Pa nthawiyi wogula amakhala atangojambula zithunzi zochepa, zimene zimakwana m'malo enieni a khadilo. Akalemba kuti "lafika msanga ndipo likugwira ntchito bwino" sakunama ayi, wanena zimene waona. Nanenso ndikanati ndilembe ndemanga madzulo a tsiku loyamba lija, ndikanapereka nyenyezi zisanu popanda kukayika. Vuto limadzaoneka patapita milungu kapena miyezi, ndipo si onse amene amabwerera kukasintha zimene analemba. Ena sazindikira n'komwe kuti khadi ndilo lalakwa, amangoganiza kuti kamera yawonongeka kapena kompyuta yalowa vairasi.

Nsapato ikakhala yothina munthu amadziwa tsiku lomwelo, motero ndemanga za nsapato zimanena zenizeni. Memori khadi ndi yosiyana chifukwa chilema chake chimabisala mpaka tsiku limene mwalidalira kwambiri. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo olemba ndemanga ambiri amakhala asanaing'ambe nkhuyuyo.

Chinthu china ndi chakuti pa misika ikuluikulu ya pa intaneti monga Amazon, ogulitsa osiyanasiyana amatha kugulitsa katundu wa dzina limodzi pa tsamba limodzi, ndipo ndemanga zonse zimaunjikidwa pamodzi. Munthu amene anagula khadi lenileni kwa wogulitsa wokhulupirika amalemba zoyamikira, ndipo zoyamikirazo zimakometsanso wogulitsa wachinyengo amene wabwera pambuyo pake. Pa misika ina ndemanga za makhadi a kukula kosiyana, monga a 32GB ndi a 256GB, zimasakanizidwanso. Choncho nyenyezi zimene mukuona ndi za tsambalo, si za khadi limene lidzafike m'manja mwanu.

Ndemanga zogulidwa

Kuwonjezera pa ndemanga zoona koma zolembedwa mofulumira, palinso ndemanga zabodza zenizeni. Ogulitsa ena amalipira anthu kapena kuwabwezera ndalama zimene anagulira katundu kuti alembe zabwino zokhazokha. Vutoli ndi lodziwika kwa eni misika ndiponso maboma. Mu Okutobala 2016 kampani ya Amazon inaletsa ndemanga zolembedwa posinthana ndi katundu waulere kapena wotsitsidwa mtengo, kupatula zodzera m'ndondomeko yake yotchedwa Vine. Mu Julaye 2022 kampani yomweyi inasumira oyendetsa magulu a pa Facebook opitirira 10,000 amene inati ankakonza malonda a ndemanga zabodza. Ku America, bungwe loona za malonda la Federal Trade Commission linalipiritsa kampani ya Bountiful ndalama zokwana madola 600,000 mu 2023 chifukwa chosamutsira ndemanga za katundu wina pa katundu watsopano, ndipo mu Ogasiti 2024 linakhazikitsa lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zabodza. Ku Britain lamulo loletsa mchitidwewu linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2025.

Zonsezi zikusonyeza kuti ndemanga zinasanduka katundu wamalonda. Ngakhale chizindikiro cha Verified Purchase, chimene chimatanthauza kuti wolembayo anaguladi katunduyo, sichithetsa nkhani, pakuti wolipidwa uja amaguladi katunduyo kenaka n'kubwezeredwa ndalama zake kuseri. Kwa ife amene timagula kudzera mwa abale a ku South Africa kapena ku Britain, vuto limakula chifukwa katundu amatenga nthawi kuti atipeze. Pamene tikuzindikira chinyengo, nthawi yobwezera katundu imakhala itatha, ndipo ulendo wobweza kakhadi kamodzi umadula kuposa kakhadiko.

Kuwerenga ndemanga mwaluso

Sindikunena kuti ndemanga ndi zopanda ntchito. Ife ophunzira chiyankhulo timaphunzitsidwa kufunsa mafunso atatu pa nkhani iliyonse: walemba ndani, walemba liti, ndipo mawu ake akunena chiyani kwenikweni. Mafunso omwewa ndi othandiza pano.

Poyamba, tiziona zimene mawuwo akufotokoza. Ndemanga yodzaza ndi mawu otamanda monga "labwino kwambiri" kapena "ndasangalala zedi" imatiuza za mtima wa wolemba, koma situza chilichonse za khadi. Ndemanga yothandiza imatchula mtundu wa kamera, nthawi imene khadi lagwira ntchito, ndiponso ngati linadzazidwapo mpaka kumapeto. Ndikayang'ana m'mbuyo, ndemanga zimene zinandikopa zinkanena za kufulumira kwa katundu panjira ndi kukongola kwa paketi. Sindikukumbukira ngakhale imodzi imene inanena kuti khadi linayesedwa lonse.

Kachiwiri, tiziwerenga ndemanga za nyenyezi imodzi ndi ziwiri, makamaka zaposachedwapa. Ngati anthu angapo akudandaula kuti mafayilo akukana kutseguka khadi likafika penapake, chimenecho ndi chizindikiro cha chinyengo ngakhale oyamikira atachuluka chotani. Komabe odandaula nawonso amalakwitsa. Ena amakwiya poona kuti khadi la 64GB likuoneka ngati la 59GB pa kompyuta, kapena la 128GB likuoneka ngati la 119GB. Kumeneku si kuba. Opanga makhadi amawerengera ndi 1,000 pamene Windows imawerengera ndi 1,024, choncho kusiyanako n'koyembekezereka.

Kachitatu, tiziona masiku ndi nkhani yake. Ndemanga zambiri zofanana kalembedwe zimene zabwera m'masiku ochepa otsatizana ndi zokayikitsa. N'chimodzimodzinso ndemanga zimene zikukamba za katundu wina, monga nyali kapena chingwe cha foni, pansi pa chithunzi cha memori khadi. Zimenezi zimasonyeza kuti tsambalo linali la katundu wina kale.

Kachinayi, tiziyang'ana dzina la wogulitsa ndi mbiri yake, osati dzina la katundu lokha. Mtengo nawonso umayankhula. Nkhokwe ya m'khadi ili ndi mtengo wake umene opanga onse amalipira, motero khadi lalikulu limene likugulitsidwa pa theka la mtengo wa anzake liyenera kutidabwitsa m'malo motisangalatsa. Zolembedwa pa khadi zimathandizanso. Khadi lolembedwa SDHC silingapitirire 32GB, choncho likamanena kuti ndi la 128GB ndiye kuti ladziulula lokha.

Nkhani ya liwiro

Chinyengo china chimakhudza liwiro. Nambala yaikulu imene imalembedwa pa paketi nthawi zambiri imanena za liwiro lokopera zinthu kuchoka m'khadi kupita m'kompyuta. Wojambula kanema amafuna liwiro lolembera zinthu m'khadi, limene limasonyezedwa ndi zizindikiro zina. Class 10 ndi U1 zimalonjeza 10MB pa sekondi, U3 ndi V30 zimalonjeza 30MB pa sekondi, pamene V60 ndi V90 zimalonjeza 60MB ndi 90MB. Khadi lochedwa limachititsa kamera kusiya kujambula kanema pakati. Munthu amene amasungiramo nyimbo za pa foni sangaone vutoli, ndipo adzalemba moona mtima kuti khadilo ndi lachangu. Ndemanga yake ndi yoona pa ntchito yake, koma siyankha funso la munthu wa kamera.

Kuyesa khadi

Njira yotsimikizika ndi kudzaza khadi lonse n'kuona ngati zonse zimene zalowa zikutulukanso. Pali mapulogalamu aulere ochitira zimenezi. Pa Windows pali H2testw, imene Harald Bögeholz analembera magazini ya makompyuta ya ku Germany yotchedwa c't. Pa Linux ndi Mac pali F3. Pulogalamuyi imalemba zinthu m'khadi lopanda kanthu mpaka litadzaza, kenaka imaziwerenganso n'kunena kukula kwenikweni ndi liwiro lake. Pa khadi lalikulu ntchitoyi ikhoza kutenga maola angapo, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati pulogalamu palibe, munthu akhoza kukopera makanema ambiri mpaka khadi litadzaza, kulichotsa, kulibwezeranso, n'kutsegula mafayilo oyambirira, apakati ndi omalizira.

Kwa amene tikugula kudzera mwa abale akunja, ndi bwino kuwapempha kuti ayese khadilo iwo asanalitumize, nthawi yobwezera isanathe. Pa ntchito yosabwerezeka ngati ukwati, maliro kapena kafukufuku wa kumudzi, ndi nzerunso kukhala ndi makhadi awiri ang'onoang'ono m'malo mwa limodzi lalikulu, ndiponso kukopera zonse m'kompyuta madzulo alionse.

Mawu omaliza

Ndemanga za ogula ndi umboni wa anthu amene sitiwadziwa, wonena za nthawi imene sitiidziwa, ndipo mwina za khadi losiyana ndi lathu. Zikhoza kutichenjeza za wogulitsa woipa ngati taziwerenga mofatsa, koma sizingatitsimikizire kuti khadi limene tagwira ndi lenileni. Kafukufuku wanga ndinamaliza pogwiritsa ntchito zimene ndinalemba m'kope ndi zimene ankhoswe anakumbukira nditabwererako patapita mwezi. Anandithandiza mokoma mtima, koma mawu okumbukira pakhonde sangafanane ndi mawu olankhulidwa pamaso pa akuchimuna ndi akuchikazi, nthungululu zikumveka. Khadi limene ndili nalo tsopano ndinaliyesa usiku wonse ndisanajambule nalo chithunzi ngakhale chimodzi.