Makolo atseka mafoni a ana, koma asemphana pa WhatsApp

Chiyambireni pa 10 Disembala 2025, pamene dziko la Australia linayamba kuletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa TikTok, Facebook, Instagram, Snapchat ndi YouTube, nkhani ya ana ndi mafoni ili mkamwamkamwa pakati pa makolo kuno kwathu. Kumeneko udindo unaikidwa pa makampani, ndipo kampani yolekerera ana ikhoza kulipa chindapusa chofika madola a dzikolo 49.5 miliyoni. Kuno lamulo lotero kulibe. Wogamula pulogalamu imene mwana atsegule ndi kholo, nthawi zambiri litatopa kale ndi ntchito ya tsikulo.

M'nyumba ina ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre, malamulo a foni analembedwa papepala la m'kope n'kumatidwa kuseri kwa chitseko. Mayi a m'nyumbamo ndi telala, amasokera pakhonde. Mwana wawo wamkazi wa zaka 13 ali Sitandade 8, ndipo foni yake, yong'aluka galasi pakona, inachokera kwa amalume ake ku Joni. Papepalapo pali mizere yochepa: foni ayigwire akatha kutsuka mbale ndi kulemba homuweki, isalowe kuchipinda chogona, ndipo 8 koloko usiku ikakwana ibwerere m'dilowa ya makina osokera. Mwanayo anasaina pansi pake. Bambo ake, amene amayendetsa minibasi, anasaina ndi bolopeni yofiira.

M'kati mwa foniyo muli Family Link, pulogalamu yaulere ya mafoni a Android imene inatuluka mu 2017. Anawaikira ndi mnyamata wokonza mafoni ku Limbe, yemwe anayamba wachotsa akaunti yakale. Amalume aja anailembetsa ndi tsiku lawo lobadwa, choncho foni inkaona ngati ili m'manja mwa munthu wamkulu. Ambiri amakodwa pomwepa: akaunti ikanama zaka, zotchinga zonse zokonzera ana sizigwira ntchito.

Masiku ano mtsikanayu akafuna kutsitsa pulogalamu, pempho limafika pafoni ya mayi ake. Iwo amaimitsa makina, n'kuvala magalasi, n'kuyang'anitsitsa asanadine. TikTok anaikana, ngakhale kuti malamulo ake amalola wa zaka 13. Za kubetcha anazikana osaganiza kawiri. Dikishonale anailola, YouTube anaipatsa mphindi 30 patsiku. Nthawi yogona ikakwana foni imadzitseka yokha, kungotsala poimbira pakagwa zadzidzidzi. Mayiwo amafotokoza zimenezi monyadira, ndipo m'pomveka: miyezi ingapo yapitayo sankadziwa kuti foni ingachite zotere.

Mpaka apa banjali linkayenda limodzi. Mpungwepungwe unabuka pa WhatsApp.

Bambo akufuna ichotsedwe. Tsiku lina anapeza nambala yachilendo itatumiza moni usiku, yofunsa ngati mwanayo wagona. Atafufuza, anapeza kuti mwini nambalayo anaitenga m'gulu lina logawana mayeso akale, momwe muli anthu ambirimbiri osadziwana, ndipo mwana wawo anangolowetsedwamo ndi mnzake. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Akuti m'mera mpoyamba, ndipo ngati kuchotsa sikutheka, azipatsidwa foniyo usiku uliwonse kuti awerenge mauthenga onse.

Mayi akukana. Aphunzitsi amatumiza manotsi ndi mafunso pagulu la kalasi, ndipo mwana wa Sitandade 8 amene sali pagulupo amamva za ntchito anzake atalemba kale. Bandulo ya WhatsApp ndiyonso imene thumba lawo limakwanitsa. Zowerenga mauthenga mwakabisira akuti n'kuphunzitsa mwana kufufuta, kapena kukabwereka foni ya mnzake komwe kholo silingaone kalikonse.

Family Link siingawaweruze. Imanena maola amene mwana wakhala pa WhatsApp, ikhoza kuichepetsera nthawi kapena kuitsekeratu, koma siionetsa zimene zalembedwamo. Ngakhale lamulo la ku Australia lija linaisiya WhatsApp panja, poti amaiwerengera ngati yotumizirana mauthenga. Koma aliyense amene amaigwiritsa ntchito akudziwa kuti ma status, magulu, komanso ma channel amene anayamba mu 2023, amabweretsa makanema omwewo amene kholo lawatsekera pa TikTok. Kutseka TikTok n'kusiya WhatsApp ili chitsegukire kuli ngati kukhoma chitseko zenera lili pululu.

Aphunzitsi nawonso sakugwirizana. Ena akuti m'magulu a kalasi muzikhala manambala a makolo okha, mwana aziwerenga pafoni ya kholo. Ena akuti makolo ambiri amabwera usiku kuchokera kuganyu kapena kumsika, ndiye ntchito ingamafike kwa mwana nthawi itatha.

Mantha a bambowa ndi oona, ndipo asapeputsidwe. Munthu wamkulu wolonjera mwana wa eni usiku sakhala ndi zolinga zabwino. Koma kuchotsa WhatsApp kungalange mtsikana amene sanalakwe kanthu, ndipo kungamuphunzitse kuti akaulula zimene zamuchitikira alandidwa foni. Mwana wotere ulendo wina adzakhala chete.

Banjali linagwirizana pakati ndi pakati. Anasintha makonzedwe kuti olowetsa mwanayo m'gulu akhale okhawo amene manambala awo ali m'foni, chithunzi chake chisaoneke kwa alendo, manambala achilendo akaimba foni isalire, komanso makanema asamadzitsitse okha. Nambala ija anaitseka. Magulu ololedwa ndi amene muli mphunzitsi ndi nambala ya mayi. Lamulungu akaweruka kutchalitchi amatsegula foniyo onse atatu, mwini wake ali pomwepo. Bambo sanakhutire kwenikweni, ndipo amanena poyera kuti nambala ina yachilendo ikadzaonekanso, WhatsApp idzachoka tsiku lomwelo.

Nyumba zambiri sizifika n'komwe pamenepa, chifukwa mwana alibe foni yakeyake. Amabwereka ya amayi, momwe muli chilichonse, ndalama za pafoni zomwe. Apo chothandiza ndi kukhoma pulogalamu imodzi pagalasi kuti asatulukemo, zomwe mafoni a Android amatha, kapena Guided Access kwa amene ali ndi iPhone.

Mnyamata wa ku Limbe uja akuti makolo ofuna loko achuluka, makamaka sukulu zikatsekera. Amabweranso ena ofuna kuti awachotsere, ndipo ambiri mwa iwo si ana ayi, ndi makolo amene aiwala nambala yachinsinsi kapena ataya foni yomwe ankavomerezera. Iye amawalangiza kuti nambalayo azilemba m'kope n'kuisunga pomwe amasunga makadi a kusikelo.