Makina Akayamba Kunthunthumira

Munthu amene wagwira nchito nthawi yaitali pa mgodi amadziwa kuti palibe makina amene amayenda ali phee. Akaika dzanja lace pa pampu yaikuru yokoka madzi, kapena pa khoma la nyumba ya fani imene imatumiza mpweya pansi, amamva citsulo ciri kunthunthumira ngati cikopa ca ng'oma imene yangoombedwa kumene. Kunthunthumira kwina kulibe kanthu, pakuti makina onse ozungulira ali nako. Koma kwina ndi cizindikiro cakuti m'kati mwa makinawo muli cinthu cimene cayamba kuonongeka, ndipo cikalekereredwa cingathe kuthyola citsulo, kuimitsa nchito ndi kupha anthu. Cifukwa ca ici alipo ainjiniya amene nchito yao yonse ndiyo kuyesa kunthunthumira kwa makina, kufufuza gwero lace, ndi kuwerengeratu m'mene makina atsopano adzagwedezekera asanapangidwe n'komwe.

Cimene cimagwedeza makina

Gwero loyamba, ndiponso lopezeka kawirikawiri, ndilo kulemera mbali imodzi. Woyendetsa galimoto amadziwa kuti wilo limene mbali yace ina yalemera kuposa inzace limagwedeza ciongolero galimoto ikathamanga, ndipo ndico cifukwa cace amakanika amamangirira tizitsulo ting'onoting'ono m'mphepete mwa wilolo. Pa makina a pa mgodi bvutoli limakula kwambiri cifukwa ca liwiro. Mota yambiri imazungulira pafupifupi ka 1,500 pa mphindi imodzi, ndiko kunena ka 25 pa sekondi. Pfumbi lonyowa lolemera magalamu 100 okha likakanirira pa phiko limodzi la fani yozungulira pa liwiro limeneli, pa mtunda wa theka la mita kucokera pakati, limakoka fani yonse ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 125, ndiwo matumba awiri ndi theka a simenti. Mphamvu imeneyi imakokera kumwamba, kumbali, pansi, kumbali inanso, ka 25 pa sekondi iri yonse, usana ndi usiku. Liwiro likawirikiza kawiri mphamvuyo imawirikiza kanai, kufikira theka la tani.

Magwero ena alipo. Mota ndi pampu zikalumikizidwa mopendekeka, zitsulo zao zozungulira, zimene amisiri amazicha mashafiti, zimakankhana pa kuzungulira kuli konse. Mabeling'i akayamba kudyeka cifukwa ca mcenga kapena kusowa girizi, timipira tacitsulo ta m'kati timagunda pa malo odyekawo. Mabauti a pansi akamasuka makina amayamba kubvina pa maziko ace. Ndipo pampu imene siilandira madzi okwanira imapanga thobvu m'kati, nilira ngati ikupera miyala.

Cinthu ciri conse ciri ndi kabvinidwe kace

Pali cinthu cinanso coopsa koposa zonsezi. Woyimba kalimba amadziwa kuti kacitsulo kakafupi kamalira mau ang'ono ndipo kakatali kamalira mau akuru, ndi kuti kacitsulo kali konse kamalira mau ace omwewo ngakhale akakhudze motani. Cimodzimodzi mtanda wacitsulo, paipi, mlatho, nyumba, shafiti ya makina: ciri conse cikagundidwa cimanthunthumira pa liwiro lacelace, monga mwa kulemera kwace ndi kulimba kwace. Colemera ndi cofewa cimagwedezeka pang'onopang'ono. Copepuka ndi colimba cimagwedezeka msangamsanga.

Tsono mwana wamng'ono angathe kukweza mkuru wace pamwamba ndithu pa katungwe, ngakhale alibe mphamvu zambiri, ngati amkankha pa nthawi yoyenera, pamene katungweyo wayamba kubwerera. Kukankha kuli konse kumaonjezera pa kwapitako. Cotero kagwedezedwe kakang'ono ka mota, kakalingana ndi kabvinidwe ka cinthu cimene motayo yakhalapo, kamakula kufikira citsulo cocindikala cipindike.

Izi zinaoneka pa 12 April, 1831, pa mlatho wolenjekeka pa unyolo wa Broughton, pafupi ndi Manchester ku Mangalande. Asilikari 74 analikuoloka akuguba, mapazi ao akugunda pamodzi. Mlatho unayamba kubvina pamodzi nao, bauti ina yosasulidwa bwino inaduka, ndipo amuna pafupifupi 40 anagwera mu mtsinje wa Irwell. Mwamwai panalibe amene anafa, koma kuyambira pamenepo asilikari a Britain analamulidwa kuleka kuguba pooloka mlatho.

Shafiti ya makina nayonso iri ndi liwiro lina limene imabvinirapo koopsa. M'zaka za m'ma 1880 mmisiri wa ku Sweden, Gustaf de Laval, anapanga injini ya nthunzi yozungulira pafupifupi ka 30,000 pa mphindi. Iye anapeza cinthu codabwitsa: shafiti yopyapyala inkagwedezeka kwambiri ikafika pa liwiro lina, koma ikapitirira liwirolo inkayendanso bwino ndi mwabata. Ndico cifukwa cace makina ena akuru ali ndi malamulo onena kuti poyatsa ndi pozima adutse msanga pa liwiro lakutilakuti, asakhalitsepo.

Citsulo cimatopa

Munthu wofuna kudula waya wopanda cida amampinda uku ndi uku kufikira aduke. Kupinda kumodzi sikudula, koma akuru anati pang'ono pang'ono ndi mtolo. August Wöhler, injiniya wa njanji ku Jeremani, anayesa zitsulo za mawilo a sitima kuyambira m'zaka za m'ma 1850 kufikira 1870, nasonyeza kuti citsulo cingathe kuthyoka ndi katundu wocepa kwambiri kuposa amene cinganyamule nthawi imodzi, ngati katunduyo abwera ndi kucoka kambirimbiri. Kamng'alu kosaoneka ndi maso kamayamba pa ngodya kapena pa mizere ya bauti, nikakula tsiku ndi tsiku. Bauti ya makina ozungulira ka 25 pa sekondi imakokedwa koposa ka 2 miliyoni pa tsiku limodzi.

Tsoka la pa mtsinje wa Yenisei

Pa mtsinje wa Yenisei, m'dera la Siberia ku Russia, pali damu la Sayano-Shushenskaya, lalitali mamita oposa 240, limene lingathe kupanga magetsi ambiri pa nthawi imodzi koposa malo ena onse m'dzikomo. Pansi pace pali matabaini 10, ndiwo mawilo akuru amene madzi amazungulitsa, a mtundu womwewo wa Francis umene uli ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Tabaini yotere imayenda bwino ikamapanga magetsi ocepa kwambiri kapena ikamagwira ndi mphamvu zace pafupifupi zonse. Koma pakati pali cigawo cina pamene madzi amatuluka m'wilo akuzungulira ngati kabvulubvulu, namenya makina onse. Opanga matabainiwo anacenjeza kuti asayendetsedwe m'cigawo cimeneco, angodutsamo.

Tabaini yaciwiri, imene inayamba nchito mu 1979, inali yobvuta kuyambira kale. Inakonzedwa kuciyambi kwa caka ca 2009, koma patapita miyezi yocepa zoyesera zinasonyeza kuti kunthunthumira kwace kwapitirira muyeso wololedwa, ndipo kunalikukulabe. Tabainiyo siinaimitsidwe. Usiku wa pa 16 August moto unabuka pa malo ena opangira magetsi ku Bratsk, ndipo nchito yocepetsa ndi kuonjezera magetsi monga mwa kufuna kwa mizinda ndi mafakitale inaperekedwa ku Sayano-Shushenskaya. Cotero tabaini yodwalayo inakwezedwa ndi kutsitsidwa usiku wonse, nidutsa kangapo m'cigawo coletsedwa cija.

Mamawa pa 17 August, 2009, nthawi iri 8.13, kunthunthumira kunali kutawirikiza pafupifupi kasanu muyeso wololedwa. Mabauti ogwira cibvundikiro ca tabainiyo anaduka. Madzi anatukula makina olemera matani oposa 900, nawaponya m'mwamba, denga linagwa, ndipo nyumba yonse ya makina inadzala madzi. Anthu 75 anafa. Matabaini 9 mwa 10 aja anaonongeka, ndipo nchito yokonza inatha mu 2014.

Ofufuza a boma anapeza kuti cibvundikiroco cinagwidwa ndi mabauti 80. Pa mabauti 49 amene anatoledwa ndi kuyesedwa, 41 anali ndi ming'alu yakale ya kutopa kwa citsulo, ndipo 6 analibe manati. Tsokali silinadze mwadzidzidzi ai. Makinawo anacenjeza kwa milungu yambiri, manambala analembedwa, koma panasowa wonena kuti aimitsidwe.

M'mene ainjiniya amamverera makina

Amakanika akale ankatenga ndodo yacitsulo, naika nsonga imodzi pa nyumba ya beling'i ndi inayo pa khutu, ndipo wozolowera ankatha kunena kuti beling'i iyi yatsala milungu ingati. Masiku ano injiniya amamata kabokosi kakang'ono pa makina, kamene kamasandutsa kunthunthumira kukhala magetsi, ndipo cida ca m'manja cimalemba ukuru wace, kawirikawiri m'mamilimita pa sekondi.

Koma ukuru wokha sunena gwero. Pa gule, pamene ng'oma zinai kapena zisanu zilira pamodzi, mlendo amangomva phokoso, koma mwini gule amamva ng'oma iri yonse payokha, nadziwa imene yaphwa. Joseph Fourier, katswiri wa masamu wa ku France, anasonyeza m'buku lace la mu 1822 kuti kugwedezeka kosokonezeka kungathe kugawidwa m'magawo osabvuta, gawo liri lonse ndi liwiro lace. Kompyuta imacita masamu amenewa m'kamphindi. Pa pampu yozungulira ka 25 pa sekondi, kunthunthumira kukacuruka pa 25 pomwepo injiniya amaganizira za kulemera mbali imodzi. Kukacuruka pa 50 amayang'ana ngati mota ndi pampu zapendekeka. Kukaoneka pa 25, 50, 75, 100 ndi kupitirira, amafunafuna comasuka. Beling'i yoyamba kudyeka imadziulula ndi kunthunthumira kwa msangamsanga kwambiri, nthawi zina miyezi ingapo isanayambe kutentha. Makina akayesedwa mwezi ndi mwezi pa malo omwewo, manambala a lero amayerekezedwa ndi akale, ndipo beling'i imasinthidwa pa tsiku losankhidwa, nchito isanaime yokha pakati pa usiku.

Kuyesa makina asanapangidwe

Tabaini kapena cigayo cacikuru ca miyala sicingapangidwe katatu kuti aone cimene cingayende bwino. Cifukwa cace ainjiniya amayamba ndi cifaniziro ca masamu. Amagawa cithunzi ca makinawo m'tizidutswa zikwizikwi, nauza kompyuta kulemera ndi kulimba kwa kacidutswa kali konse ndi m'mene kalumikizirana ndi kanzace. Njira imeneyi inayamba pakati pa opanga ndege m'zaka za m'ma 1950. Kompyuta imawerengera kabvinidwe kali konse ka makinawo, ndi kusonyeza m'mene adzapindikira akayatsidwa, akasenza katundu, kapena akaima mwadzidzidzi. Ikaonetsa kuti kabvinidwe ka maziko kali pafupi ndi liwiro la mota, mmisiri amalimbitsa mtanda, amaonjezera konkire, amaika mphira kapena masipiring'i pansi, kapena amasintha liwirolo, zonsezi pa pepala, citsulo cisanadulidwe.

Komabe kompyuta imayankha zokhazo zimene yafunsidwa. Mlatho wa anthu oyenda pansi wochedwa Millennium Bridge, pa mtsinje wa Thames ku London, unatsegulidwa pa 10 June, 2000, utawerengeredwa ndi akatswiri. Tsiku lomwelo khamu la anthu litakwerapo unayamba kupendekera uku ndi uku. Anthu poopa kugwa anayamba kuponda motsata kugwedezekako, ndipo potero anakukulitsa osadziwa, monga mwana uja wa pa katungwe. Macitidwe amenewa a anthu oyenda sanalowe m'masamu. Mlathowo unatsekedwa patapita masiku awiri, unaikidwa zida pafupifupi 90 zomeza kugwedezeka, zina zonga zimene zimaletsa galimoto kudumphadumpha, ndipo unatsegulidwanso mu February, 2002. Cotero masamu ayenera kutsimikizidwa ndi kuyesa cinthu ceniceni citamangidwa.

Wokhala pafupi ndi makina

Ku Konkola, ku Chililabombwe, umene uli umodzi wa migodi ya madzi ambiri pa dziko lonse lapansi, mapampu amatulutsa malita oposa 300 miliyoni tsiku liri lonse. Mapampu amenewo, pamodzi ndi mafani a mpweya ndi makina okweza anthu, ndiwo agwira moyo wa ali yense amene ali pansi pa nthaka. Injiniya woyesa amabwera pa masiku ace, koma woyang'anira pampu amakhala nayo shifiti yonse, ndipo ndiye woyamba kumva mau ace akasintha, kuona nati imene imamasuka yokha sabata ndi sabata, pfumbi la dzimbiri pozinga bauti, kamng'alu pa maziko, kapena paipi imene kale inali cete koma tsopano iri kunjenjemera. Wanchito wanzeru sangomanga natiyo ndi kukhala cete. Amauza kapitao, amaonetsetsa kuti mau ace alembedwa m'buku, ndipo samayandikira zitsulo zozungulira ndi ndodo kapena malaya olendewera pofuna kumvetsera yekha.

Akuru amati tsoka silinunkha. Tsoka la makina lokha limayamba lanthunthumira, masiku ambiri lisanagwe, ndipo munthu womva nafotokoza msanga apulumutsa anzace pamodzi ndi iye mwini.