NYIKA: PHIRI LOFUNA MLENDO WODEKHA

Ophunzira ambiri amalidziwa dzina la Nyika chifukwa cha mayeso a jogalafe, koma owerengeka okha ndiwo anapondako phazi. Lero tikutengani, awerengi athu, kupita ku chitunda chachikuluchi, chimene chili kumpoto kwa dziko lathu, kuti tione zimene mlendo amakapeza kumeneko ndiponso khalidwe limene malowo amafuna kwa iye.

Nyika ndiyo paki yoyamba m'Malawi muno. Inakhazikitsidwa m'chaka cha 1965, ndipo m'chaka cha 1978 malire ake anafutukulidwa kufikira inakula kupitirira masikweya kilomita 3,000. Palibenso paki ina m'dziko muno yoposa pamenepa. Nsonga yake yaitali, Nganda, ili mamita pafupifupi 2,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Kachigawo kakumadzulo kwa chitundachi kali m'dziko la Zambia.

Ulendo umayambira pa boma la Rumphi. Msewu umadzera ku Bolero kukafika pa chipata cha Thazima, mtunda wa makilomita oposa 50, ndipo kuchokera apo pamatsala makilomita ngati 60 kuti munthu afike ku Chelinda, kumene kuli nyumba zogona alendo. Msewu wokwera phiriwu ndi wafumbi, choncho m'dzinja umafuna galimoto lamphamvu. Wanzeru amathiriratu mafuta okwanira ku Mzuzu kapena ku Rumphi. Asaiwalenso zovala zamphepo, pakuti m'miyezi ya June ndi July kumazizira kotero kuti mame amaundana pa udzu usiku.

Pokwera, munthu amayamba wadutsa m'nkhalango ya miombo yonga yakwathu. Kenaka mitengo imatha mwadzidzidzi, ndipo maso amangoona zitunda za udzu waufupi zotsatana mpaka kumene thambo lalekezera. M'zigwa mokha ndimo mwabisala timagulu ta mitengo yobiriwira chaka chonse. Popeza palibe chotchinga, mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi mphoyo zimaonekera patali. Anyalugwe aliko, koma saonekaoneka. Njovu nazonso ziliko, ndipo m'chaka cha 2017 zinawonjezeka ndi zina 34 zochokera ku Liwonde.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wothamanga ndi galimoto amabwerako ataona udzu ndi mbidzi basi. Woyenda pansi motsogozedwa ndi mlonda wa m'pakimo amaona zambiri. Ku Nyika kuli mitundu ya mbalame yoposa 400, ndi mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'banja la chinaka, amene amachanula kwambiri m'miyezi ya mvula. Kuli mathithi a Chisanga pa mtsinje wa North Rukuru. Kuli kankhalango ka mitengo yakalekale ya juniper, yomwe ndi yachibale ndi mkungudza wa ku Mulanje. Koma mitengo ya paini yozungulira Chelinda si yachilengedwe cha kumeneko: inachita kubzalidwa m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya atsamunda.

Wodekhayo amaonanso mapazi a anthu. M'phanga la Fingira muli zithunzi zojambulidwa pathanthwe ndi anthu amakedzana. M'malo ena muli zotsalira za ng'anjo zimene amisiri ankasungunuliramo chitsulo. Thamanda la Kaulime makolo ankaliyesa malo a mizimu. Aphoka, omwe ndi mbali ya Atumbuka, anakhala m'mapiri amenewa mibadwomibadwo, ndipo pamene paki inakuzidwa mu 1978 midzi yambiri inasamutsidwa, anthu n'kusiya minda ndi manda a makolo awo. Mtendere umene mlendo amaumva pa chitundapo alipo ena amene anaulipira. N'chifukwa chake kuli koyenera kuti midzi yozungulira izipindula ndi ndalama zimene alendo amasiya. Mu 2023 boma linasainirana pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation loyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza, ndipo panganolo lidzayesedwa ndi mmene lasinthira moyo wa anthu a m'midzi imeneyo.

Nanga ife okhala kutali zikutikhudza bwanji? Nyika ili ngati mtsuko waukulu. Udzu ndi madambo ake zimamwa mvula ndi kuitulutsa pang'onopang'ono m'mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi, Chelinda ndi Runyina, ndipo madzi onsewa amakathera m'Nyanja ya Malawi. Moto wolusa wa m'chilimwe ukanyeketsa nkhalango za m'zigwa, kapena anthu akakumba chinaka mopanda kusiyako, wovutika si nyama yokha. Mlimi wa mpunga ku Karonga nayenso madzi amamuchepera.

Tsono mlendo asataye chitsa cha fodya kapena kusonkha moto pamalo osaloledwa, asathyole duwa, ndiponso asalembe dzina lake pa zithunzi za m'phanga. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Malo amene wachokapo aziwasiya monga anawapezera.

Kwa aphunzitsi tikuti: sonkhani pang'onopang'ono ndi makolo, funsani ku ofesi ya Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama Zakuthengo za mtengo wolowera, ndipo tengani ana akaone okha. Mwana amene anaona kumene mtsinje umabadwira sadzafunanso kuuzidwa kawiri chifukwa chake tiyenera kusamala mapiri athu.