KOLERA ILIPO, KOMA MALUNGO NAWO SANACHOKE

Nyengo ya mvula ino aliyense akukamba za kolera, ndipo n'zoyenera. Koma mvula yomweyi yasiya madzi m'zithaphwi ndi m'mayenje oumbira njerwa, momwe udzudzu umaswana. Malungo amabwera ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma usiku n'kusiya tizilombo m'magazi. Sabwera chifukwa chodya mango osapsa kapena kunyowa ndi mvula ayi. Munthu amayamba kudwala pakapita masiku 10 mpaka 15 chimulumireni udzudzu.

Chovuta n'chakuti mwana wodwala malungo nayenso amasanza, mwina n'kutsegula m'mimba, ndiye makolo amangoti ndi kolera basi. Wodwala kolera amachita chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, ndipo kawirikawiri thupi silitentha. Wa malungo amatentha thupi, amanjenjemera, mutu umawawa, thupi lonse kuphwanya. Komabe musadalire maso okha, pakuti matenda awiriwa atha kugwira munthu mmodzi nthawi imodzi. Ngati wodwala akutsegula m'mimba, yambani kumumwetsa SRO muli panjira, ndipo mukafika auzeni anamwino kuti thupi likutenthanso.

Kuyezetsa sikuchedwa. A APE a m'mudzi mwanu kapena akuchipatala amatenga kadontho ka magazi pachala, pakatha mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka. Akapezeka nawo malungo, amapatsidwa Coartem woti amwe kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Amwe atadya kanthu, monga phala la nsinjiro, wakhanda ayamwe. Ambiri amasiya tsiku lachiwiri poona kuti mwana wayamba kusewera, n'kusungira m'bale wake mapiritsi otsalawo. Musatero, tizilombo timakhala tisanathe. Akasanza atangomwa kumene, bwererani mukafunse.

Mwana akayamba kukomoka, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kupuma movutika, kapena zikhatho zikayera, musadikire kuti kuche. Amenewo ndi malungo aakulu, ofunika jakisoni wa artesunate kuchipatala, ndipo atha kupha mwana tsiku limodzi lokha.

Amayi oyembekezera asaleke sikelo chifukwa choopa kolera kuchipatala: kumeneko n'komwe amalandira Fansidar wowateteza iwo ndi mwana ali m'mimbayo. Ndipo ngati madzi osefukira akusamutsani, mukugona pasukulu kapena mutenti, neti ija musaisiye m'thumba. Imangeni usiku uliwonse, ana ndi amayi oyembekezera akhale oyamba kulowamo.