Tisaiwale Mapazi Pokwera Mapiri Nyengo ya Chisanu

Amayi anzanga, mwezi wa Juni ukangolowa, ife a ku Ntcheu sitifunsa ngati chisanu chafika, pakuti mphepo ya mwera imatiuza yokha. Ku Tsangano ndi ku Lizulu kumacha ndi chifunga, udzu uli mame okhaokha, koma maulendo a kuphiri saima. Ena akukatola nkhuni, ena akutsitsa mbatata ya kachewere kupita nayo kumsika, ana a sukulu nawo akupita ndi aphunzitsi kukaona mapiri. Juzi ndi mpango timakumbukira tonse. Nanga mapazi, ndi angati a ife amene timawaganizira?

Chaka chatha mu Julaye amayi a gulu lathu tinakwera phiri la Mvai. Mayi wina anabwera ndi nsapato zatsopano zolimba bwino, koma m'kati anavala timasokosi topyapyala ta nailoni, tija tovala ku ukwati. Tisanafike pamwamba n'komwe anayamba kutsimphina, ndipo atavula tinaona matuza awiri ataphulika kuchidendene. Potsika tinachita kuwagwiriza. Anatha masabata awiri osaponda kudimba, masamba awo nafota chifukwa chosowa wothirira. Nsapatozo zinalibe mlandu ayi.

Phazi limatuluka thukuta ngakhale kunja kukuzizira. Sokosi ya thonje imamwa thukutalo ndi kulisunga, pamene ya nailoni imalisiya pakhungu. Khungu likanyowa limafewa, ndipo likamakhulana ndi nsapato pachitunda, tuza silichedwa. Tsono mukaima kuti mupume, chinyontho chija chimazizira, zala ndi kuyamba kuchita dzanzi. Dziwaninso kuti munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri oposa 6. Mwana wanu akamapita ku Mulanje, kumene nsonga ya Sapitwa ili mamita 3,002, asayese kuti kuzizira kwake n'kumodzimodzi ndi kwa pa boma pano. Kumaiko a chipale chofewa nkhaniyi ndi yoopsa koposa: Maurice Herzog wa ku France atakwera phiri la Annapurna m'chaka cha 1950, anadulidwa zala za kumapazi ndi za kumanja chifukwa zinaferatu ndi chisanu. Kwathu kuno sizifika pamenepo, koma bala la kuphazi nalonso limagoneka munthu.

Sokosi yoyenera ulendo wotere ndi ya ubweya wa nkhosa. Ubweya umatha kumwa chinyontho chokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake koma osamveka kunyowa, ndipo umafundabe. Mukapita pa kaunjika musathamangire mtundu wowala. Tembenuzani sokosiyo muone m'kati: ngati kuzala kuli msoko wokhuthala, isiyeni, chifukwa msokowo ndi umene udzatupula khungu. Ikhale yokwana phazi, yopitirira akakolo. Yaikulu imapindika m'nsapato, yothina imatsekereza magazi, ndipo phazi lopanda magazi okwanira limazizira msanga. Pachifukwa chomwechi, kuvala masokosi atatu m'nsapato yothina kale n'kudzipweteka.

Ife amene tinaphunzira kuluka tili ndi mwayi. Juzi yakale ya ubweya, ngakhale yobooka m'zigongono, mukaimasula imatulutsa ulusi wokwanira masokosi a anthu awiri kapena atatu. Kuti mudziwe ngati ndi ubweya weniweni, dulani kaulusi kakafupi mukayatse. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo phulusa lake limafikisika ndi zala, pamene ulusi wa pulasitiki umasungunuka ndi kuuma kakanthu kolimba. Lukani ndi singano zinayi kuti pasakhale msoko, ndipo pachidendene muphatikize ulusi wachiwiri, poti ndi pamene pamayamba kutha. Ndimaona amayi ambiri akulukira nsalu za pampando zokongola kwabasi, amuna awo akulawirira kuphiri atavala majombo phazi lili losavala kanthu. Zimenezi ine sizindikomera.

Pomanga kamba wa paulendo, ikanimo masokosi ena ouma, okulungidwa m'pepala la pulasitiki, kuti munthu akasinthe akafika pamwamba kapena akawoloka mtsinje. Zikhadabo awenge dzulo lake, popeza potsika zala zimagunda kutsogolo kwa nsapato. Makolo athu amene ali ndi matenda a shuga muziwayang'ana mapazi akabwerako, chifukwa ena sazindikira kuti avulala, ndipo bala lawo limachedwa kupola.

Pochapa, madzi akhale ofunda pang'ono chabe. Otentha amafinyitsa ubweya mpaka sokosi ya bambo isanduke ya mwana. Musapotokole, ingofinyani ndi kuyanika pamalo popita mphepo. Ndipo chonde, musayanike pafupi ndi mafuwa pofuna kuti iume msanga. Ineyo ndinatayapo masokosi amene ndinawalukira sabata yathunthu.